Kuyesa mafyuluta a mpweya pa injini ziwiri zakale: momwe ntchito yayendera kuyambira Meyi mpaka Novembala

Cholinga ndi galimoto zoyesera

Ntchitoyi ndinaiyamba pofuna kuyankha funso lomwe eni galimoto zakale amafunsana kawirikawiri m'magalaja: kodi kuchotsa fyuluta ya mpweya yapepala n'kuikapo ija yathonje yopakidwa oyilo, yomwe ogulitsa amati imawonjezera mphamvu ndiponso imachepetsa kamwedwe ka petulo, kumapindulitsadi injini yomwe yatumikira zaka zambiri? Fyuluta yamtunduwu si yachilendo. Kampani ya K&N ya ku Riverside, ku California, yomwe inayambitsidwa ndi Ken Johnson ndi Norm McDonald, inayamba kuipanga mu 1969 pothandiza njinga zamoto zampikisano zothamanga m'fumbi, ndipo lero makampani ambiri amapanga zofanana nayo, ena mwaluso, ena mongotengera maonekedwe. Koma injini yampikisano imaphwasulidwa ndi kukonzedwa pafupipafupi, pomwe injini ya munthu wamba imayenera kukhala zaka zambiri osatsekulidwa, ndipo kusiyana kumeneku n'komwe kunandichititsa kuti ndisakhutire ndi zolembedwa pa katoni.

Galimoto zoyesera zilipo ziwiri, ndipo ndinazisankha chifukwa zimalandira petulo m'njira zosiyana. Yoyamba ndi Toyota Corolla AE100 ya injini ya 5A-FE, ya 1,498 cc, yomwe petulo wake amapoperedwa ndi mainjekita motsogozedwa ndi kompyuta. Yachiwiri ndi kapikapu ka Nissan 1400, ka mtundu womwe unkapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ka injini ya A14, ya 1,397 cc, yoyendera kabureta. Zonse zimagwira ntchito mu Lilongwe ndi madera ozungulira, pa tala ndi pa misewu yafumbi yomwe. Pa galimoto iliyonse ndikuyerekeza fyuluta yakale yomwe inalimo, yapepala yatsopano, ndi yathonje yolowa m'malo omwewo. Pa Corolla ndawonjezerapo fyuluta ya cone, yomwe imamangidwa kumapeto kwa payipi bokosi la fyuluta litachotsedwa.

Meyi: kuyendera njira ya mpweya

Ndisanaike fyuluta yatsopano iliyonse, ndinayendera njira yonse yomwe mpweya umadutsa, kuyambira pakamwa pa payipi kutsogolo mpaka polowera mu injini. Pa Corolla ndinapeza kuti payipi yalabala yamakwinya, yomwe imalumikiza bokosi la fyuluta ndi throttle (kachitseko ka mpweya komwe kamatseguka munthu akaponda moto), inali itang'aluka kunsi, m'kati mwa khwinya, pamalo osaoneka pokhapokha munthu ataichotsa n'kuipinda. Mng'alu wotere uli kuseri kwa fyuluta, choncho mpweya wolowera pamenepo umafika mu injini osasefedwa n'komwe. Choipa kwambiri n'chakuti injini ya 5A-FE imayeza mpweya ndi sensa ya MAP, yomwe imangomva kukoka kwa m'manifodi (mapayipi ogawira mpweya ku masilinda), kotero galimoto imapitiriza kuyenda bwinobwino osapereka chizindikiro chilichonse pamene fumbi likulowa.

Pa Nissan vuto linali lina. Pepala la fyuluta linali lonyowa ndi oyilo mbali imodzi. Maring'i a mapisitoni akaperepeseka, mpweya wina woyaka umathawira kunsi kwa injini, n'kutulukira pa kapayipi kopumira komwe kamalowa m'mbale ya fyuluta, utanyamula nthunzi ya oyilo. Oyiloyo akakumana ndi fumbi amapanga matope omwe amatseka pepala msanga kuposa fumbi louma. Ili ndi vuto la injini zakale zenizeni, ndipo palibe fyuluta yamtundu uliwonse yomwe ingalithetse. Chivundikiro cha mbaleyo chinalinso chopindika moti sichinkakanikiza labala wa fyuluta mozungulira monse.

Payipi ya Corolla ndinaisintha, chivundikiro cha Nissan ndinachiwongola, njira zopumira ndinazitsuka, ndipo galimoto zonse ndinaziika mapulagi atsopano ndi oyilo watsopano. Ndinayezanso kompuleshoni ya silinda iliyonse, ndiye kuti mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya, n'kuilemba, kuti kumapeto kwa ntchitoyi pakhale poyerekezera.

Juni: kuyeza kukana kwa fyuluta

Mwezi uno ndi womwe wandiphunzitsa zambiri, ndipo zambirizo zachokera ku masamu osavuta ndi chida chotsika mtengo. Injini ya petulo imafuna mpweya wolemera makilogalamu 14.7 pa kilogalamu iliyonse ya petulo. Pa malo okwera ngati Lilongwe, yemwe ali pafupifupi mamita 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, izi zikutanthauza malita a mpweya pafupifupi 10,000 pa lita imodzi ya petulo. Thanki ya malita 50 ikamatha, malita a mpweya okwana theka la miliyoni amakhala atadutsa pa fyuluta, limodzi ndi fumbi lonse lomwe linali mumpweyawo.

Funso lenileni ndi lakuti fyuluta imakana mpweya motani. Poyeza, ndinagwiritsa ntchito kapayipi kapulasitiki koonekera m'kati, kopindidwa ngati chilembo cha U pa thabwa lokhala ndi rula, kothiramo madzi mpaka theka. Mbali imodzi ndinailumikiza ku payipi ya mpweya kuseri kwa fyuluta, ina n'kuisiya yotsekula. Injini ikamakoka, madzi amakwera mbali imodzi n'kutsika mbali inayo, ndipo kusiyana kwa misinkhu iwiriyo ndiye mulingo wa kukana kwa fyuluta pamodzi ndi bokosi lake. Mpweya wa m'mlengalenga, pa msinkhu wa nyanja yamchere, umakanikiza ndi mphamvu yokwana kukweza madzi mamita 10.3. Choncho masentimita 10 aliwonse pa rula amaimira pafupifupi 1 peresenti ya mpweya womwe injini ikanalandira. Injini ya 5A-FE ili yatsopano imapereka ma horsepower (muyezo wa mphamvu ya injini) pafupifupi 100, kotero masentimita 10 amenewa ndi ofanana ndi horsepower imodzi yokha.

Tinayeza tili awiri, wina akuyendetsa pa chitunda ataponda moto mpaka pansi pa giya yachiwiri, wina akuwerenga rula. Pakati pa fyuluta yapepala yatsopano ndi yathonje yolowa m'bokosi lomwelo, kusiyana kunalipodi, ndipo yathonje ndi yomwe inkakana pang'ono, koma kusiyanako sikunafike masentimita 5 ngakhale injini ikuzungulira pafupi ndi malire ake. Apa ndiye kuti phindu lonse lomwe likanapezeka silikufika theka la horsepower, mulingo womwe woyendetsa aliyense sangaumve pampando. Fyuluta yakale ya Corolla inkakweza madzi kwambiri kuposa zatsopano zonse ziwiri, ndipo ya Nissan yonyowa ndi oyilo ija inaposa apo. Kusiyana kwakukulu, motero, kuli pakati pa fyuluta yotsekeka ndi yoyera, osati pakati pa pepala ndi thonje. Ndikukhulupirira kuti anthu ambiri omwe amachitira umboni fyuluta yathonje amanena zoona pa zomwe anamva, kungoti anaiyerekeza ndi fyuluta yomwe inali itatha kale ntchito.

Pa liwiro la masiku onse madzi ankangosuntha pang'ono kwambiri, fyuluta ikhale iliyonse. Chifukwa chake n'chakuti pamene munthu waponda moto pang'ono, chomwe chimatsekereza mpweya ndi throttle yeniyeniyo, yomwe ntchito yake ndi kuchepetsa mpweya mwadala. Zili ngati kukulitsa payipi yobweretsa madzi pomwe mpopi watsekulidwa pang'ono: madzi otuluka sachuluka. Fyuluta yomasuka imangochititsa kuti phazi liponde mocheperako kuti mpweya womwewo ulowe, ndipo kompyuta imaperekanso petulo yemweyo.

Julayi: kamwedwe ka petulo

Poyeza kamwedwe ndinatsata njira yodzaza thanki mpaka pampu itadula yokha, kuyenda maulendo a masiku onse, kenako kudzazanso pa pampu yomweyo n'kugawa makilomita ndi malita. Pa Corolla sindinapeze kusiyana komwe ndingakuimire kumbuyo. Matanki awiri a fyuluta imodzimodzi ankasiyana okha kuposa momwe pepala linkasiyanirana ndi thonje, malingana ndi kuchuluka kwa galimoto pamsewu, katundu ndi mphepo.

Zimenezi zikugwirizana ndi kafukufuku wa Oak Ridge National Laboratory ku Tennessee, m'dziko la United States, yemwe anatuluka mu 2009. Akatswiri a kumeneko anatseka mafyuluta mwadala pa galimoto zitatu za mainjekita, zomwe ndi Toyota Camry ya 2003, Dodge Charger ya 2006 ndi Buick Lucerne ya 2007, ndiponso pa Pontiac Grandville ya 1972 yoyendera kabureta. Pa zitatu zija fyuluta yotsekeka sinasinthe kamwedwe ka petulo moti n'kudetsa nkhawa, chifukwa kompyuta imachepetsa petulo molingana ndi mpweya wolowa. Chomwe chinasintha ndi changu chonyamukira, chomwe chinkabwerera ndi 6 mpaka 11 peresenti fyuluta yoyera ikaikidwa. Pa galimoto ya kabureta zinthu zinali zina: kusintha fyuluta yotsekeka kunkapulumutsa petulo ndi 2 mpaka 6 peresenti, ndipo kunkafika 14 peresenti pamene kutsekekako kunali koopsa moti galimoto inkalephera kuyenda bwino. Ngati fyuluta yotsekeka kotheratu sisintha kamwedwe ka galimoto ya mainjekita, palibe chifukwa choyembekezera kuti masentimita ochepa a pakati pa pepala loyera ndi thonje angakasinthe.

Nissan inachita monga Pontiac ija. Kabureta ilibe chida chomva zotuluka ku ekisozi n'kudzikonza, choncho fyuluta ikatsekeka imagwira ntchito ngati choko (chochepetsa mpweya poliza injini yozizira) chomwe chasiyidwa chokoka pang'ono, ndipo injini imayamwa petulo wochuluka kuposa mpweya. Mapulagi omwe ndinachotsa mu Meyi anali akuda ndi mwaye. Fyuluta yapepala yatsopano itaikidwa, kamwedwe kanatsika moonekeratu ndipo utsi wakuda ponyamuka unatha. Nditasintha n'kuika yathonje, sipanapezeke kutsika kwina koonjezera.

Ogasiti ndi Seputembala: fumbi

Miyezi imeneyi nthaka imakhala itauma, mphepo ili yamphamvu, ndipo pa msewu wadothi galimoto yotsogola imasiya mtambo womwe yotsatira imapuma kwa mtunda wautali. Ndi nyengo yoyenera kufunsa funso lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa la mphamvu, lakuti ndi fumbi lochuluka bwanji lomwe limadutsa fyuluta.

Fumbi la pamsewu lili ndi mchenga wa quartz wambiri, womwe pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, uli pa 7, kutanthauza kuti ndi wolimba kuposa chitsulo cha masilinda ndi maring'i. Tinthu toopsa kwambiri si timiyala tooneka ndi maso, koma tija tating'ono kangapo kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu, tomwe timalowa pakati pa ring'i ndi khoma la silinda, pomwe oyilo wolekanitsa zitsulo ziwirizi ndi wopyapyala kwambiri. Tikatero timapala chitsulo pang'onopang'ono, tina n'kutsikira mu oyilo kukafika ku mabeyaring'i. Injini yatsopano ili ndi chitsulo chokwanira kupirira zimenezi kwa kanthawi, koma yakale, yomwe maring'i ake ali kale pafupi ndi malire, ilibenso choti ingataye.

Mafyuluta amayesedwa motsatira muyezo wa ISO 5011, pogwiritsa ntchito fumbi lokonzedwa mwapadera la muyezo wa ISO 12103-1, ndipo zotsatira zake zimalembedwa m'maperesenti omwe amatha kusocheretsa wowerenga. Fyuluta yogwira 99 peresenti ndi yogwira 99.9 peresenti zimaoneka ngati zofanana, koma pa kilogalamu imodzi ya fumbi yoyamba imalola magalamu 10 kudutsa pomwe yachiwiri imalola galamu imodzi. Chofunika kuyang'ana ndi chomwe chadutsa, osati chomwe chagwidwa. Fyuluta yathonje imamasuka chifukwa mipata yake ndi yaikulu, ndipo imadalira oyilo kuti amate fumbi; oyiloyo akachepa, kapena fumbi likamuyamwa n'kuuma, mipata ija imatsala yopanda mlonda. Pepala lili ndi khalidwe lomwe anthu ambiri salidziwa, lakuti likayamba kuda limasefa bwino kuposa lili latsopano, chifukwa fumbi loyamba limatseka timabowo tokulirapo.

Poti labotale ndilibe, ndinagwiritsa ntchito njira ya amakanika akale. Ndinapukuta m'kati mwa payipi kuseri kwa fyuluta mpaka kuyera, n'kupakamo girisi woyera pang'ono, kenako galimoto n'kuyenda maulendo ake a nthawi zonse. Pansi pa fyuluta yapepala girisi anatsala woyera, ndipo pomutikita pakati pa zala anali wosalala. Pansi pa yathonje anasanduka wotuwira, ndipo zala zinkamva kukhakhala pang'ono. Pa galimoto zonse ziwiri zinachitika chimodzimodzi. Njira imeneyi siipereka nambala, ndipo ikunena za mafyuluta omwe ndili nawo okha, koma chomwe ikusonyeza n'chomveka bwino.

Pali chizolowezi china chomwe ndikufuna kuchitchula pano chifukwa chimawononga phindu la pepala. M'magalaja ambiri fyuluta imapemereredwa ndi kompuresa pa sevisi iliyonse, pakamwa pa payipi patagunda pepala, kapena imamenyetsedwa pa tayala kuti fumbi ligwe. Mpweya wamphamvu chotero umang'amba pepala m'makwinya, ndipo kumenyetsa kumapinda labala wa m'mphepete. Ndinaunika fyuluta yakale ya Corolla ndi tochi m'chipinda chamdima, ndipo kuwala kunkatulukira pa timabowo tingapo m'makona a makwinya. Fyuluta yapepala yobowoka ndi yoipa kuposa yathonje yosamalidwa bwino.

Kusamalira yathonje nakonso kuli ndi mtengo wake. Imafuna mankhwala otsukira, nthawi yoti iume yokha, ndi oyilo wake wapadera wopakidwa mwamuyezo, ndipo pa misewu yafumbi ntchito imeneyi imabwera pafupipafupi kuposa momwe zimakhalira kumayiko a tala yekhayekha. Oyilo akachuluka amauluka ndi mpweya. Galimoto zanga ziwirizi zilibe sensa ya MAF, yomwe imayeza mpweya wolowa pogwiritsa ntchito kawaya kotentha, koma injini monga 1NZ-FE, yomwe ili m'galimoto zambiri zochokera ku Japan monga Probox ndi Sienta, ili nayo, ndipo kawaya kake kotentha kakakutidwa ndi oyilo kamayeza molakwika. Mu 2004 kampani ya General Motors inachita kuchenjeza amakanika ake za vuto lomweli la mafyuluta opakidwa oyilo wochuluka.

Okutobala: fyuluta ya cone ndi kutentha

Fyuluta ya cone ndinaisungira mwezi wotentha mwadala. Itangoikidwa, Corolla inayamba kulira mwaukali poponda moto, ndipo aliyense wokwera ankati galimoto yapeza mphamvu. Kulirako kumabwera chifukwa bokosi ndi kachipinda kozimitsa phokoso zachotsedwa. Pa rula, cone ndi yomwe inkakana pang'ono kuposa zonse, poti bokosi ndi payipi yake yakutsogolo sizinaliponso.

Koma bokosi lija lili ndi ntchito ina, yotenga mpweya kuchokera kutsogolo, kutali ndi kutentha kwa injini. Cone imapuma mpweya wa pansi pa boneti, womwe wadutsa pa rediyeta ndi pafupi ndi manifodi ya ekisozi. Mpweya ukatentha umapepuka, ndipo madigiri 10 aliwonse amachotsa pafupifupi 3 peresenti ya kulemera kwake. Ndinamanga choyezera kutentha pafupi ndi fyulutayo, ndipo masana, pa mdipiti wa galimoto m'tauni, mpweya wa pamenepo unkaposa wakunja ndi madigiri opitirira 20. Pa msewu wotakasuka kusiyanako kunkachepa koma sikunkatha. Masamu ake ndi achidziwikire: phindu la peresenti imodzi kapena ziwiri lochokera ku kumasuka likumezedwa ndi kutaya kwa 6 peresenti kochokera ku kutentha. Poyeza ndi wotchi pa chitunda chomwe tinagwiritsa ntchito mu Juni, cone sinapose bokosi, ndipo injini ikakhala itatenthetsa inkatsalira. Mpweya wotentha umachititsanso injini kugogoda ikamakoka pa giya yapamwamba, makamaka yakale yomwe pamwamba pa mapisitoni pake paunjikana mwaye, ndipo kugogodako ndinakumva pa zitunda. Ndinaichotsa mwezi usanathe n'kubwezeretsa bokosi pamodzi ndi sensa yake ya kutentha kwa mpweya.

Pa Nissan ndinayang'ananso mapulagi itayenda ndi fyuluta yathonje. Anali oyererako pang'ono kuyerekeza ndi a nthawi ya pepala latsopano, koma osafika poti majeti a kabureta asinthidwe.

Novembala: pomwe ntchito yafika ndi zotsala

Galimoto zonse ziwiri tsopano zili ndi mafyuluta apepala m'mabokosi ake a pachiyambi, ndipo m'mphepete mwa labala ndapakamo girisi wochepa kuti pasatsale mpata. Kapayipi koyezera kaja ndakasiyira polumikizira pa galimoto iliyonse, potsekedwa ndi kachivundikiro, kuti fyuluta izisinthidwa madzi akasonyeza kuti yatsekeka, osati pongoyang'ana mtundu wa pepala. Kompuleshoni ndaiyezanso ndipo sinasinthe moti geji yanga n'kuzindikira, monga momwe ndinkayembekezera, chifukwa kuperepeseka kwa maring'i kumatenga nthawi yaitali kuposa miyezi yochepayi.

Zatsala ntchito ziwiri. Oyilo yemwe ndinachotsa kumapeto kwa nthawi ya pepala ndi yemwe ndinachotsa kumapeto kwa nthawi ya thonje ndamusunga m'mabotolo oyera olembedwa bwino, ndipo ndikukonza zomutumiza ku labotale yoyeza oyilo kuti akaone kuchuluka kwa silicon ndi chitsulo. Silicon ndi chizindikiro cha fumbi lomwe linafika mu oyilo, ndipo chitsulo ndi chizindikiro cha zomwe fumbilo linapala, kotero zotsatirazo zidzapereka nambala pomwe girisi anangopereka mtundu. Ntchito yachiwiri ndi ya Nissan. Oyilo wayambanso kuonekera m'mbale ya fyuluta, choncho mvula isanalimbe ndiika kachitini kogwira oyilo pa kapayipi kopumira, ndipo kuchuluka kwa oyilo wosonkhana m'kachitinimo pa makilomita 1,000 oyamba ndi komwe kudzandiuze ngati maring'i angadikire chaka china kapena injini iyenera kutsekulidwa dzinja lino.